Anandikana ku Lisboa

Maputo, pabwalo la ndege
Lachisanu, 5 Abril 2024

Amayi,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu, komanso mwendo uja ngati wasiya kutupa. Ine mwana wanu Érica ndili bwino. Kalatayi ndiijambula ndi telefoni n'kutumiza kwa achimwene a Nilton ku Cassacatiza monga tinapanganira, kuti akabwera ku Mualadzi Lamulungu muiwerenge nokha. Ndalemba zilembo zikuluzikulu chifukwa cha maso anu.

Ndege ndakwera, amayi. Dzulo ku Tete ndinalawirira pabwalo alonda asanatsegule n'komwe, poopa kuti ingandisiye monga amachitira oyendetsa timabasi ta shapa. Chikwama anachiyeza pasikelo, kenako anati ndivule lamba ndi nsapato. Botolo la uchi limene ndinagula pa Chifunde kuti ndikapatse amayi aang'ono a Arminda analanda, akuti zamadzimadzi sizilowa m'chikwama cha m'manja. Ndinadandaula, koma mlondayo anangoliponya m'dengu momwe munali kale mabotolo a anthu ena.

Ndege ikamanyamuka imayamba yathamanga pansi ngati yapenga, kenako umangomva mimba yatsala m'munsi iwe ukukwera. Makutu anatseka. Mayi wina wogulitsa nsalu amene ndinakhala naye anandiseka, nati ndizimeza malovu. Pazenera ndinaona Zambezi. Mtsinje wonse uja, umene timaoloka pamlatho mtima uli m'mwamba, unkaoneka ngati luzi logwa m'munda. Ndinaonanso maenje a malasha a ku Moatize ali bii, ndi minda yofiira kulikonse. Ng'amba ya chaka chino si ya ku Mualadzi kokha. Zimenezi zinandilimbitsa mtima, chifukwa estajiyo imene ndikupitirayi ndi yomweyo: miyezi itatu ndikugwira ntchito pamunda wophunzitsira kuthirira mbewu ndi madzi ochepa. Musaiwale kuti m'kalasi mwathu anasankha ine ndekha.

Madzulo ano ndikwera yaikulu ya ku Lisboa, akuti maola khumi ndi limodzi m'mwamba. Mapepala onse ali m'kathumba pachifuwa: pasaporti, visitu yondilola kulowa m'dzikomo, kalata ya kumundako, ndi pepala limene amayi aang'ono anasaina kuti ndizikagona kwawo. Lero ndawaimbira kawiri koma sakuyankha. Mwina ali kuntchito.

Chimodzi chokha chandikhala pamtima. Tsiku lonyamuka simunandiperekeze kumsewu, munati mbuzi zalowa m'dimba. Ndikudziwa kuti ulendowu simunaufune. Koma Julho si kutali, amayi. Mudzangoona ndatulukira.

Ndine mwana wanu,
Érica


Mualadzi
Lamulungu, 7 Abril

Érica mwana wanga,

Kalata yako ndawerenga patelefoni ya Nilton, iye akundikulitsira zilembo ndi zala. Kuno tadzuka. Mwendo udakali chomwecho. Chimanga tayamba kukolola, koma n'kungotola zitsononkho, ngolo imodzi siidzadza.

Kodi Arminda sanakuimbire usanakwere ndege yachiwiriyo? Ine ndimayesa akuimbira Lachinayi, kapena Lachisanu m'mawa. Nilton akuti telefoni yako yazima kuyambira dzulo, ndipo ya Arminda ikungolira. Uli kuti? Ndi ndani akukupatsa chakudya?

Ngati zinthu sizinayende, usachite manyazi. Bwera kwanu. Palibe amene angakuseke kuno, ndipo wokuseka adzaonana ndi ine. M'chipinda mwako ndasesa, mphasa ndaanika.

Kumapemphero lero mlaliki wathu a Ezekieli anakutchula dzina, anthu onse anavomera. Ine ndinangozolika.

Yankha msanga.

Mayi ako,
Falesi


Lisboa, m'chipinda cha pabwalo la ndege
Lamulungu, 7 Abril

Amayi,

Sindikudziwa kuti kalatayi idzakupezani liti, chifukwa telefoni andilanda. Pepalali ndapempha kwa mlonda wamkazi. Ndikhulupirira muli bwino. Ine moyo ulipo, koma mumzinda wa Lisboa sindinalowe.

Ndiyambe ndi ulendo kuti mutu ukhazikike. M'ndegemo munali anthu ochuluka kuposa a pamsika wa Chifunde, mipando yothithikana, mawondo kugunda kutsogolo. Chakudya chinabwera m'timbale tophimba, nkhuku yopanda mchere ndi kamkate kozizira. Kuchimbudzi nditadina potsitsira madzi, chinalira mokoka mpweya moti ndinatuluka chothawa. Kuseri kwa mpando uliwonse kunali kagalasi koonetsa pamene tafika, ine n'kumangoyang'ana kandege kakukwawa pamwamba pa mayiko amene ndinkangowaloweza kusukulu. Pena inagwedezeka ngati shapa pamsewu wa kwathu nyengo ya dzinja. Ndinagwira mpando ndi manja awiri, koma bambo wa pambali panga anangopitiriza mkonono. Tinatera Loweruka m'mawa, mapazi atatupa osafuna kulowa m'nsapato. Ndinali wokondwa, amayi. Pamzere ndinkamwetulira ndekha.

Wapolisi wa pazenera anayang'ana mapepala, nafunsa kumene ndikagone. Ndinamupatsa pepala la amayi aang'ono. Anati ndidikire pambali. Patapita maola awiri anandilowetsa m'kachipinda, naimba nambala ya papepalapo, mawu akumveka kwa tonse.

Anayankha ndi iwo. Mawu awo sindingawasokoneze, amafanana ndi anu.

Wapolisi anati, "Mayi, pano pali mtsikana dzina lake Érica, akuti akhala kwanu miyezi itatu. N'zoona?"

Amayi aang'ono anayankha m'Chipwitikizi, "Pepala ndinasaina, koma ndabweza mawu. Kwanga kulibe malo. Mtsikanayo sindimudziwa bwino, ndipo zimene wadzera sindingaziyankhire."

Ndinaweramira patelefonipo n'kunena m'Chinyanja, "Amayi aang'ono, ndine Érica wa a Falesi, ndili pompano." Ndinawamva akupuma. Kenako anadula.

Wapolisiyo sanali wankhanza. Anafunsa ngati ndili ndi kwina kofikira. Tinaimba kumunda kuja katatu, koma Loweruka kuofesi kulibe munthu. Pamapeto pake wapolisiyo anadinda pasaporti n'kudula mzere pavisitu yanga.

Chipinda chimene atitsekera chili ndi mabedi osanjikizana, zenera lake silitsegulika. Atilanda malamba ndi zingwe za nsapato. Muli mayi wa ku Bissau ndi mwana wakhanda, ndi mtsikana wa ku Brasil amene sanadye chifikireni. Ndege zikungolira pamwamba pathu, zina kutera zina kunyamuka. Anandilola kuimba kamodzi. Ndinaimbira amayi aang'ono, inalira mpaka kuzima.

Ndawalakwira chiyani, amayi? Inu ndi amene mumawadziwa.

Maputo, Lachitatu, 10 Abril. Ndikupitiriza papepala lomweli. Andibweza. Lolemba apolisi awiri anandiperekeza mpaka pakhomo la ndege anthu onse akuona, pasaporti yanga n'kuipereka kwa wantchito wa m'ndegemo ili m'envulopu, ngati kuti ndingathawe nayo m'mitambo. Anandikhazika mpando wakumapeto, pafupi ndi chimbudzi. Pakagalasi paja sindinayang'anepo. Akumunda andilembera dzulo kuti apepesa, koma visitu ina imatenga miyezi, ndipo malo anga apatsa wophunzira wina.

Ndafikira kwa Yolanda, mnzanga uja tinkagona naye chipinda chimodzi kusukulu ku Tete. Kalata yanu ya Lamulungu ndaiona tsopano. Munafunsa ngati anandiimbira ndisanakwere, ngati kuti mtima unakuuzani kale. N'zoona, mayi amaona patali. Pepani kuti ndakuchititsani manyazi.

Érica


Mualadzi
Lamulungu, 14 Abril

Mwana wanga,

Ndawerenga. Pofika pamene anakulanda zingwe za nsapato ndinamubwezera Nilton telefoni, ndinakakhala kuseri kwa nkhokwe mpaka dzuwa kupendeka. Sindinkadziwa kuti amatsekera anthu.

Manyazi palibe. Usapepese kwa ine, ndakupempha.

Tsopano ku Maputo ukudikira chiyani? Nilton akuti akulipirira mabasi aakulu aja a mashimbombo mpaka ku Tete, kuchoka apo akakutenga yekha pamota, njinga yake yamoto ija. Dimba likufuna munthu wodziwa ngati iwe. Zimene ukanakaphunzira kwa azungu ungaziyese pompano, madzi ochepa ndiye tili nawo.

Arminda umusiye. Usamulembere, usamuimbire. Munthu amene wakhala kunja zaka makumi awiri amalankhula zambiri, ungangodzipweteka mtima. Za iye ndisiyire ine.

Mayi ako,
Falesi


Maputo
Lachiwiri, 16 Abril

Amayi aang'ono,

Mwambo umati kalata iyambe ndi moni, ndiye landirani moni. Ndine uja simumudziwa bwino.

Amayi andiletsa kukulemberani, koma ine sindikudya, sindikugwira ntchito, ndikungomva mawu anu aja. Mu Fevereiro ndi inu munandiumiriza kuti ndikane malo ogona ophunzira amene asukulu ankafuna kundipezera. Munati mwana wa achemwali anu sangagone kwa alendo inu muli moyo. Munanditumizira chithunzi cha bedi. Munafunsa msinkhu wanga kuti mundigulire chovala cha mphepo.

Mukanakana nthawi imeneyo, malo ena analipo. Mukanayankha telefoni Lachisanu, mwina aphunzitsi anga akanachitapo kanthu ndisanakwere. Munadikira ndiuluke maola khumi ndi limodzi, ndifike pakhomo penipeni, kuti mukandikane pamaso pa wapolisi.

Sindikupempha chilichonse. Malo anapita, pasaporti inadindidwa. Ndingofuna chifukwa. Ngati pali mlandu wakale pakati pa inu ndi amayi, ine ndinaulowa liti?

Érica wa a Falesi


Lisboa
Lachinayi, 2 Maio

Érica mwana wanga,

Moni wako ndalandira, ngakhale sindiyenera. Kalata yako yakhala nane masabata awiri. Ndimaitsegula m'sitima popita kuntchito, n'kuitsekanso. Mlandu ndili nawo, sindikana. Koma popeza wafunsa chifukwa, imva.

Lachinayi, tsiku limene unakwera ndege ku Tete, achemwali anga, mayi ako, anandiimbira patelefoni ya Nilton. Panali patatha zaka zisanu ndi chimodzi asanandiimbirepo okha. Anati, "Arminda, mwanayo ali ndi pakati pa miyezi itatu. Za sukuluzo n'zophimbira. Akufuna adzaberekere kwanuko n'kubisala, kuno sabwereranso. Ukamulandira, mlandu ndi wako."

Kuno sitikhala monga mumaganizira kumudzi. Ine ndimasamala gogo wachizungu wosayenda, kumusambitsa ndi kumutembenuza. Amuna anga a Custódio mapepala awo okhalira m'dziko muno akudikira chaka chachiwiri. Wosaina pepala lija ndi amene amayankha mlendo akasowa. A Custódio atamva anati, "Tikalakwitsa apa, tonse tikwera ndege."

Lachisanu ndinaona ukuimba kawiri. Telefoni inali m'manja mwanga, ndinangoiyang'ana ikulira. Ndikanakufunsa bwanji funso lotere? Ndinadziuza kuti ndikakuona ndi maso ndidzadziwa.

Loweruka lija ndinalipo, Érica. Ndinaima kunja kwa chitseko chotulukira alendo kuyambira m'mawa, chovala chako cha mphepo chili m'thumba. Wapolisi ataimba, a Custódio anali pambali panga akupukusa mutu. Ndinayankha zimene unamvazo. Utalankhula Chinyanja ndinakhala pansi pomwepo anthu akundilambalala ndi zikwama zawo. Pakati pa iwe ndi ine panali khoma limodzi.

Ndinakhulupirira chifukwa sindinaganizepo kuti mayi anganamizire mwana wake mimba. Koma kalata yako si ya munthu wobisa kanthu. Achemwali ndawaimbira kudzera kwa Nilton kanayi, akukana kulankhula nane.

Ngati zili zoona, ndiuze, sindikuweruza. Ngati si zoona, ndiye takupweteka tonse awiri, wina ndi bodza, wina ndi mantha. Kukhululuka sindikupempha, sindinafike pamenepo.

Mayi ako wamng'ono,
Arminda


Mualadzi
Lamulungu, 12 Maio

Érica,

Nilton wafika lero osapereka moni. Wandiikira telefoni pamwendo, akuti iwe wamutumizira kalata ya Arminda popanda liwu lako ngakhale limodzi. Ndawerenga yonse. Iye wakhala panja pamota yake, madzi anga wakana, akuti sachoka ndisanayankhe.

Ndinanena. Sindikana.

Lachinayi lija ndinakwera njinga yolipira mpaka ku Cassacatiza ndi mwendo wangawu. Nilton ndinamuuza kuti ndikufuna kulangiza Arminda za kasamalidwe kako. Anaimba nambalayo, n'kundisiyira telefoni, n'kupita kukanyamula munthu pamota. Iye sadziwa kanthu, usamude.

Ine za ndege sindizidziwa, mwana wanga. Ndinkayesa Arminda akuimbira uli ku Maputo n'kunena kuti usapite, iwe n'kulira tsiku limodzi, n'kubwera kwanu. Za chipinda chotsekera, za apolisi, za kudinda pasaporti, sindinazilote n'komwe.

Ufunsa kuti chifukwa chiyani. Arminda anachoka pakhomo pano mu 2001 akunena kuti miyezi isanu ndi umodzi. Chikwama chake ndinasenza ine mpaka kumsewu. Agogo ako anadwala zaka zitatu, galimoto ikalira ankadzutsa mutu kufunsa ngati ndi iye. Anamwalira akufunsa. Ndinawaika ndekha. Bambo ako ndinawaika ndekha. Ana ndinabereka asanu, atatu ali kumanda, Nilton ndi wa pamsewu. Iwe unkati Julho. Arminda nayenso anali ndi mwezi wake.

Ndinakuuza kangati kuti usapite? Unkaseka n'kundisisita paphewa. Mawu anga anali opanda mphamvu pamaso pa makalata a sukulu.

Za mimbazo, ndinkafuna mawu oti Arminda achite nawo mantha, ndipo ena sanandibwerere m'mutu. Ndikudziwa kuti ndiwe mwana wodzisunga. Kumapemphero ndasiya kupita, chifukwa a Ezekieli amangonena za m'bale woipa wa ku Ulaya amene anakana mwana, anthu n'kumandipepesa ine.

Ndalakwa. Koma bwera. Ukhoza kundida, koma undide uli pafupi.

Mayi ako,
Falesi


Maputo
Lamulungu, 9 Junho

Amayi,

Moni. Achimwene akuti mwendo wafika poipa. Ndawapempha akupititseni kuchipatala cha ku Chifunde sabata ino, musakane.

Kalata yanu yakhala mwezi. Ndinalemba mayankho anayi, onse ndinang'amba.

Masiku amene ndinali m'chipinda chija ndinkalira, koma osati chifukwa cha visitu. Ndinkalirira inu. Ndinkaganiza kuti mudzayenda bwanji m'mudzi anthu atamva kuti mwana wanu wabwezedwa. M'ndege yobwerera ulendo wonse ndinkakonza mawu oti ndikuuzeni musakhumudwe. Nditafika ndinakupepesani, ndipo munawerenga kupepesa kwangako.

Mukanandikhazika pansi n'kunena kuti mukuopa kudzafa nokha monga anafera agogo, mwina ndikanakwiya, koma ndikanamva. Munasankha kundiveka mimba kwa anthu amene sanandionepo chikulireni.

Mu Julho ndikanabwera, amayi. Bilyeti ya ndege yobwerera inali m'kathumba komwe kaja. Tsopano palibe amene adzadziwe ngati ndinkanena zoona, ngakhale inu.

A Ezekieli ndi anthu a kumapemphero muwauze nokha kuti amayi aang'ono sanayambe ndi iwo. Ine sindiwauza. Amayi aang'ono ndawayankha kuti mimba ndilibe, basi.

Ndapeza ntchito ku Marracuene, kufesa mbande za kabichi ndi tomato. Ndikagona komweko. Kumudzi chaka chino sindibwera. Sindikudani, koma pakali pano sindingakhale nanu mphasa imodzi n'kumacheza za mbuzi.

Aphunzitsi anga akuti chaka chamawa ndingapemphenso, ndipo adzalemba kalata yofotokoza za chidindo chija. Akuti kudzakhala kovuta. Ndidzapempha ndithu, ndipo ndidzagona kumalo a ophunzira. Akadzandilola, tsiku lonyamuka sindidzauza munthu aliyense wa kwathu. Mudzamva nditafika.

Ndine mwana wanu,
Érica